Mlendo Amene Anavala Chigoba cha Eni Mudzi

M'chaka cha 2004, magazini ya akatswiri a sayansi yotchedwa Molecular Ecology inatulutsa nkhani yaifupi yokamba za nyanja yathu. Alembi ake, motsogozedwa ndi Martin Genner, anali ndi uthenga umodzi: m'nyanja ya Malawi mwalowa mlendo. Mlendoyo ndi kankhono kosongoka, kosatalika kuposa chala cha mwana, ndipo kwawo ndi kutali zedi, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Malinga ndi zimene alembiwo ankadziwa, aka kanali koyamba kuti nyama yochokera kunja ilembedwe kuti yakhazikika m'nyanjamo. Chimene chimandidabwitsa ine mpaka lero n'chakuti kankhonoka kanakhala pagombe pathu zaka ndithu popanda wokafunsa kuti kwanu n'kuti. Asodzi ankakakutumula m'makoka, ana ankakaponda posamba, moyo n'kumapita.

Mwina wina akuti, "Aise, ife a ku Ndirande ndi ku Bangwe nkhono za kunyanja zitikhudza pati? Nyanja timaiona pa Isitala basi." Ndiye pomwepotu. Pa Isitala ndi pa Khirisimasi timadzadza maminibasi kulowera ku Mangochi, n'kukadziponya m'madzi osafunsa kuti pansi pali chiyani. Usipa ndi utaka umene timakanganirana mtengo mumsika wa Ndirande umachokera komweko. Madzi ambiri a m'mipopi ya Blantyre amapopedwa mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo Shireyo ndi nyanja yomweyo ikutsetsereka. Kaya tili ku Chilomoni kaya ku Machinjiri, nyanjayi timaidya, timaimwa, timaisamba.

Alendo ena a m'madzi timawadziwa bwino chifukwa sabisala. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo anayamba kuoneka kumunsi kwa Shire m'zaka za m'ma 1960. Iye amabwera ndi maluwa okongola, amaphimba mtsinje, amakatseka makina a magetsi ku Nkula, ife kuno n'kumayatsa makandulo. Ameneyo ngakhale mwana amamuloza. Nkhani yanga ndi ya mlendo wa mtundu wina, amene amafika atavala ngati mwini mudzi, n'kukhala pabwalo ngati wabadwira pompo.

Kuti munthu adziwe kuti pamudzi pafika mlendo, ayenera kudziwa kaye amene analipo kale. Apa mpamene mbiri ikulowa. David Livingstone anafika panyanja mu Seputembala 1859 ali ndi John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene dzina lake linatsalira pa mapiri a Kirk Range. Mu 1861 anabweranso ndi bwato n'kuyenda gombe lakumadzulo. Kirk anali munthu wotolatola: masamba, mbewu, nsomba, zigoba za nkhono. Zigoba zakezo zinawoloka nyanja ya mchere, ndipo mu 1865 katswiri wa ku Germany, Heinrich Dohrn, anazilemba n'kuzipatsa maina a Chilatini. Mu 1877, patangotha chaka chimodzi mishoni ya Blantyre itakhazikitsidwa, Edgar Smith wa ku British Museum ku London analembanso za nkhono zina za m'nyanja yathu. Imodzi mwa izo ndi imene lero imatchedwa Bulinus nyassanus. Dzinali mulisunge, tikumana nalonso.

Anyanja, Ayao ndi Atonga a m'mbali mwa nyanja ankazidziwa nkhonozi azunguwo asanabadwe n'komwe. Chimene alendowo anawonjezera ndi kapepala: chigoba ichi chatoledwa pamalo akuti, chaka chakuti. Kapepala kameneko, komangidwa pa chigoba n'kutsekeredwa m'dirowa, kanasanduka kaundula wa nyanja. Ndipo m'kaundula wakaleyo, kankhono ka maonekedwe a mlendo wathu uja mulibe. Ofufuza amaganiza kuti kanafika cha m'ma 1980.

Tsono n'chifukwa chiyani sikanadziwike msanga? Dzina lake la sayansi ndi Melanoides tuberculata. Analipereka ndi Otto Müller wa ku Denmark mu 1774, poona zigoba zochokera kugombe la Coromandel ku India. Vuto lake n'lakuti nkhono ya dzina lomweli ndi mbadwanso ya mu Africa muno. M'nyanja ya Malawi inalimo kale, pamodzi ndi abale ake ena a banja la Melanoides amene sapezeka kwina kulikonse padziko. Komanso zigoba za mtunduwu zimasiyanasiyana kwambiri: za mtsinje uwu zamizeremizere, za dziwe ilo zamawangamawanga, zina zosalala, zina zokhakhala. Choncho ngakhale katswiri ataona kuti ichi chasiyana ndi zinzake za pagombe, akanatha kungoti ndi msuweni wochokera kumtsinje wina wa mu Africa momwemuno. Zili ngati kukumana ndi a Phiri pamaliro. Mfunda ndi womwewo, koma kuti mudziwe ngati ndi a Phiri a ku Dedza kapena a ku Chipata, muyenera kufunsa kuti mayi awo ndani.

Funso la mayi limeneli ndi limene anafunsa a Genner ndi anzawo, ndipo analifunsa kwa majini. Pepani, sindikunena majini a kwa sing'anga, ndikunena malangizo a chibadwa amene ali m'maselo a chamoyo chilichonse, olembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. M'maselo muli tizigawo totchedwa mitochondria, tokhala ndi DNA yakeyake, ndipo mwa ife anthu ndi mwa nyama zambiri DNA imeneyi mwana amaitenga kwa mayi okha. Mchewa kapena Myao savutika kumvetsa zimenezi. Ndi mbumba yeniyeni: kuchokera kwa agogo aakazi, kupita kwa mayi, kupita kwa mwana wamkazi, osaduka. Pokopera zilembozo kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana, mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimasintha. Mbumba ziwiri zikapatukana kwa zaka zikwizikwi, zilembo zosiyana zimachuluka. Zikapatukana dzulodzuloli, zimafanana pafupifupi chilembo ndi chilembo.

Atawerenga zilembo za kankhono kachilendo kaja, anapeza kuti sikagwirizana ndi mbumba za mu Africa. Abale ake enieni anali kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Chigoba chinkanena china, magazi akunena china.

Moyo wa kankhonoka ndi woyenera wapaulendo. Pafupifupi zonse ndi zazikazi, ndipo sizisowa yaimuna kuti zibereke. Mayi amasunga ana m'kathumba m'thupi mwake, n'kuwatulutsa ali amoyo, atavala kale tizigoba tawo, aliyense chithunzi cha make. Pakhomo pa chigoba pali kachitseko kamene kamatseka madzi akaphwa, motero kamapirira ulendo wapamtunda. Masana kamadzikwirira mumchenga, usiku n'kumatuluka kukadya ndere ndi zoola. Ndiye kuti nkhono imodzi yokha, yomatirira pa muzu wa chomera kapena pa khoka lonyowa, ikwanira kuyambitsa mudzi. M'maiko ambiri mtunduwu wayenda ndi malonda a nsomba ndi zomera zokongoletsera zoweta m'magalasi. Mu 2015 Bert Van Bocxlaer ndi anzake anaonetsa, ndi DNA yomweyo, kuti mbumba za ku Asia zalowa mu Africa kangapo, m'malo osiyanasiyana, kuphatikizapo mumtsinje wa Congo. Paja timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Uyutu ndi mame amene dzuwa linawalephera.

Ife tilibe nyanja ya mchere, koma luso lotsata mlendo pagombe linakulira kumeneko, ndipo nkhani yofanana ndi yathuyi inachitika ku South Africa kumene abale athu ambiri akugwira ntchito. Amene atsukako mbale m'malesitilanti a ku Cape Town amazidziwa mussel, nkhono zakuda za zigoba ziwiri zimene zimamatirira pamiyala ya kugombe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, mussel ya ku nyanja ya Mediterranean, Mytilus galloprovincialis, inafika kugombe lakumadzulo kwa dzikolo, cha ku doko la Saldanha Bay. Nayo inali ndi mwayi wa mlendo wathu uja: pamiyalapo panali kale mussel yakuda ya komweko, yofanana nayo poyang'ana msangamsanga. Zinatengera ofufuza awiri, Grant ndi Cherry, kuyeza mapuloteni a m'thupi mwake, amene amatsata chibadwa, kuti mu 1985 alengeze kuti iyi ndi ya ku Ulaya. Pomwe ankalengeza n'kuti itazika kale mizu.

Ana a mussel amayandama m'madzi kwa milungu ingapo asanamatirire pamwala, choncho mafunde ndi mphepo zimawayendetsa. Mlendoyo anathamangira kumpoto mpaka ku Namibia, n'kuzungulira kum'mwera kulowera ku East London, gombe la makilomita oposa 2,000. Anakankha nkhono zina za komweko pamiyala yawo. Koma nkhani zotere sizikhala za mbali imodzi: mbalame yakuda ya mlomo wofiira yotchedwa African oystercatcher inapeza chakudya chambiri n'kuchulukana, ndipo lero mussel yomweyo ndi imene amaweta ku Saldanha Bay n'kumagulitsa. Zamoyo zotere zimawoloka nyanja zitamatirira kunsi kwa sitima, kapena m'madzi amene sitima imamwa padoko lina kuti isapendekeke n'kukawalavula padoko lina. Maiko anagwirizana lamulo la madzi amenewa mu 2004, koma linayamba kugwira ntchito mu 2017.

Pa magombe onsewa ofufuza amawerenga DNA mwanjira imodzi. Amatola zamoyo pamalo ambiri motsatana ndi gombe. Pamene apeza mbumba zambiri zosiyanasiyana, nthawi zambiri pamakhala pakhomo polowera, kapena pamene alendo afikapo kangapo. Akamapita patsogolo n'kumapeza mbumba zikuchepa, amadziwa kuti akutsata mapazi a ulendo. Akapeza kuti gombe lonse ndi ana a mayi mmodzi kapena awiri, amadziwa kuti kufikako n'kwaposachedwa ndipo oyambitsawo anali owerengeka. Munthu wofufuza mbiri ya mudzi amachitanso chimodzimodzi: amafunsa nyumba ndi nyumba kuti agogo anu anachokera kuti, mpaka mzere wa msamuko uoneke.

Tibwerere kwathu. Kufika kwa mlendo ndi nkhani ina, kukhazikika kwake ndi nkhani inanso, ndipo apa chala chikuloza ife. Zaka zomwezo za m'ma 1980 ndi pamene pansi pa madzi athu panasokonekera. Ku nyanja ya Malombe, kumayambiriro kwa zaka zimenezo, asodzi ankapha chambo choposa matani 8,000 pachaka. Patangotha zaka khumi anali matani mazana ochepa chabe. Makoka a maso aang'ono monga nkacha ankakokolola ana a nsomba, kuzula zomera za pansi ndi kufafaniza zisa za chambo pamchenga. Mu 1993 boma ndi anthu a m'midzi anayambitsa makomiti a m'madoko kuti ateteze chotsala, koma chambo cha ku Malombe sichinabwerere mwakale. Mukamva azakhali akudandaula kuti kale chambo chinali ndiwo wamba ya ku Zingwangwa osati ya mabwana, akunena za nyengo imeneyi. Pansi pa madzi posiyidwa pambalambanda, nkhono zosongoka zija zinapeza munda wolimalima, ndipo lero zimachuluka zedi ku Malombe ndi kum'mwera kwa nyanja yaikulu.

Ndinene momveka: nkhono ya ku Asiayi si imene imafalitsa likodzo. Ku zilumba za Caribbean, monga Martinique, inathandizapo kuchepetsa nkhono zofalitsa likodzo polimbirana nazo malo ndi chakudya. Koma nkhani yake ndi ya likodzo zimakumana pa mfundo imodzi, yakuti nsomba zikatha, nkhono zimalamulira. Ku Chembe, ku Cape Maclear, kumene kuli paki ya nyanja imene inakhazikitsidwa mu 1980, kunali nsomba zambiri zodya nkhono, monga imene asayansi amaitcha Trematocranus placodon, ya mano ophwanya zigoba kummero. Jay Stauffer wa ku America ndi Henry Madsen wa ku Denmark, amene afufuza malowa kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti nsombazi zitachepa m'madzi osaya chifukwa cha makoka, nkhono zinachuluka. Kale anthu ankakhulupirira kuti likodzo lili m'madambo ndi m'mabango mokha, pamchenga woyera palibe. Mu 1992 anthu awiri a Peace Corps amene anasambira ku Cape Maclear anadwala likodzo lofika ku ubongo ndi ku msana, dziko n'kutembenuka kuyang'ana. Pofika 2001 zinatsimikizika kuti Bulinus nyassanus, nkhono ija Smith anailemba mu 1877, mbadwa yeniyeni ya pamchenga, nayo ikunyamula kachilombo ka likodzo la m'chikhodzodzo. Ana a ku Chembe anali akukodza magazi kale nkhaniyi isanafike m'manyuzi a kunja.

Kenako mu Novembala 2017 kunatulukira china. Ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza m'gombe la Mangochi nkhono yophwatalala, yozungulira ngati batani, yotchedwa Biomphalaria pfeifferi. Iyi ndi ya mu Africa momwemuno, koma pagombe limenelo sinkadziwika. Ntchito yake ndi yonyamula likodzo la mtundu wina, la m'matumbo, limene limawononga chiwindi mwakachetechete popanda magazi mumkodzo oti akuchenjezeni. Mu 2018 atayeza ana a m'sukulu za pulayimale za pafupi, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anapezeka ndi zizindikiro za likodzo limeneli. Atawerenga DNA ya nkhonozo anapeza kuti zikufanana kwambiri, chizindikiro chakuti zinachokera kwa makolo owerengeka amene anafika posachedwa. Njira ija ya ku Saldanha Bay ndi ya a Genner inagwira ntchito pa funso lokhudza chiwindi cha mwana wa ku Mangochi.

Chimene chimandisangalatsa pa gawo lino la mbiriyi n'chakuti maina a Amalawi ayamba kuoneka pamwamba pa mapepala: Janelisa Musaya, Sekeleghe Kayuni, Peter Makaula ndi ena. Ntchito yambiri ikudutsira ku Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, pafupi ndi chipatala cha Queens, malo amene timawadutsa tsiku ndi tsiku pa minibasi ya ku Limbe tili pa foni. Magulu omwewa mu 2024 analengeza za mlendo winanso m'madzi a chigawo chakum'mwera, Pseudosuccinea columella, nkhono yochokera ku America imene imatha kunyamula nyongolotsi za m'chiwindi cha ng'ombe ndi mbuzi. Iyi yadziwika msanga chifukwa tsopano pali anthu amene amapita kumadzi ndi sefa chaka ndi chaka, kuwerama, kutola ndi kuwerenga. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sindikudziwa mwambi wina umene unakwanira ntchito ya munthu ngati umenewu.

Ndipo tisaganize kuti za nkhono ndi za kunyanja kokha. Kafukufuku wa Atupele Kapito-Tembo ndi anzake, amene anatuluka mu 2009, anayeza mkodzo wa ana a sukulu oposa 1,100 m'boma la Blantyre, ndipo pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse anali ndi mazira a likodzo. M'sukulu zina munalibe ndi mmodzi yemwe, m'zina anali pafupifupi theka. Ife amene tinakula tikusewera m'timitsinje totsika m'mapiri a Ndirande ndi Soche tikudziwa kuti mwana saona chikwangwani pamadzi. Madzi akakhala ozizira ndipo dzuwa la Okutobala lakwiya, amalowa basi.

Zochita za munthu payekha n'zochepa koma zilipo. Mukasambira kunyanja, pakatha miyezi iwiri kapena itatu kayezetseni, chifukwa mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi zikakula, osati tsiku lomwe mwatuluka m'madzi. Amene mumaweta nsomba m'magalasi, madzi ndi zomera zake musakataye mu Mudi kapena mu Naperi. Amene muli ndi abale asodzi, akumbutseni kuti khoka kapena bwato losamuka nyanja liyambe lauma bwino padzuwa. Ndipo nsomba yaing'ono imene tikuigula lero chifukwa yotchipa, mwina ndi imene ikanadya nkhono za pamalo osambira ana athu.

Koma chimene chimandikhala pamtima kwambiri ndi nkhani ya kaundula uja. Mlendo wa ku Asia anadziwika chifukwa wina anatola chigoba kalekale, n'kulemba malo ndi chaka, wina n'kuchisunga zaka zoposa zana osachitaya. Madirowa amenewo ali ku Ulaya. Lero aliyense wa ife ali ndi kamera m'thumba yolemba yokha tsiku ndi malo. Tili ndi ophunzira ku KUHeS, ku LUANAR, ku Chancellor ndi ku Mzuni, tili ndi nyumba yosungira zakale ku Chichiri, tili ndi ofufuza za nsomba ku Monkey Bay. Chigoba sichifuna firiji kapena magetsi, chimangofuna kabotolo, kapepala ndi munthu wosataya zinthu. Mdzukulu wathu wa m'chaka cha 2100 adzafuna kudziwa zimene zinkakwawa pagombe la Mangochi, mu Malombe ndi mu Mudi m'masiku athu ano. Ndikufuna adzakwere minibasi ya ku Chichiri kukatsegula dirowa, osati kukafola pamzere wa viza ya ku London.